Mukufuna kukaponda pa Old Trafford? Tour ndi gemu ndi nkhani ziwiri zosiyana

Funso: Ndine sapota wa Manchester United kuyambira nthawi ya Cantona. Mu December ndikupita ku UK kukaona achemwali anga amene ndi namwino ku Leeds, visa yatuluka kale ndipo ndikakhalako masabata atatu. Ndikufunitsitsa ndikafike pa Old Trafford. Kodi munthu amangopita nkulowa? Nanga gemu ndingaonere bwanji? Pali munthu wina pa Facebook akuti ali ndi matikiti, ndimutumizire ndalama?

Yankho: Achimwene, ndiyambe ndi wa pa Facebook-yo chifukwa ndi amene angakulizeni pa ulendo wonsewu: musamutumizire olo 1 tambala. Matikiti a pa Old Trafford masiku ano si apepala ayi, amabwera mu foni kudzera pa app ya timuyo ndipo amakhala pa akaunti ya membala amene wagula, nde munthu akakutumizirani screenshot pa WhatsApp dziwani kuti wakugulitsani chithunzi chabe. Komanso ku England kugulitsa tikiti ya mpira popanda chilolezo cha timu ndi mlandu, lamulo lake ndi la 1994, ndipo timu ikazindikira kuti tikiti yadutsa mmanja mwa madobadoba imangoyifafaniza osakuuzani. Ine ndinaonapo bambo wina ali ndi kamwana kake katavala jezi yatsopano, kuika foni pa makina a pa geti kuyaka kofiira, kuikanso kofiira, wachitetezo kuwalozera ku ofesi ya matikiti mwaulemu wake, kumeneko nkungowauza kuti pepani iyi siinachokere kwa ife. Mkatimo anthu anali atayamba kale kuimba, webusaiti imene anagulapo ija itadya kale ndalama.

Tsono kufika pa Old Trafford kuli pawiri. Pali tour, imene amakuyendetsani mu sitediyamu tsiku lopanda gemu pamodzi ndi kulowa mu myuziyamu ya timu, ndiye palinso kukaonera gemu yeniyeni. Tour ili mmanja mwanu, mukabukitsa basi mwalowa. Gemu ndi ya mwayi, ndalama komanso kupirira. Anthu ambiri ochokera kumudzi kuno amalimbana ndi gemu masabata onse, matikiti osapezeka, kenako tsiku lonyamuka lakwana abwerera osaona ndi geti lomwe. Ine ndimauza aliyense kuti bukitsani tour kaye musanakwere ndege, muyiike mu sabata yoyamba, za gemu muzithamangitsa mtima uli mmalo.

Kubukitsa kwake ndi pa webusaiti ya timu yeniyeniyo, mumasankha tsiku ndi ola. Konzekerani mapaundi pafupifupi 40 munthu wamkulu mmodzi, mitengo imasinthasintha nde muone ya tsikulo. Tsiku limene United ikusewera pakhomo tour wamba sakhalapo, ndipo December magemu amakhala othithikana kuphatikiza ana a sukulu ali pa holide, malo amatha msanga. Sankhani mkati mwa sabata, cha mmawa. Ndikunena mmawa chifukwa mu December dzuwa kumeneko limalowa isanakwane 4 koloko, mukatenga tour ya madzulo zithunzi zanu za panja zikakhala za mdima zokhazokha. Za malipiro apempheni achemwali alipire ndi kadi yawo ya komweko inu muwabwezere, paja makadi athu ndi vuto la forex lija amatha kukukanirani pakati pa malonda.

Kuchoka ku Leeds ndi pafupi, sitima imatenga ola limodzi kapena kupitirira pang'ono kukafika Manchester Piccadilly kapena Victoria. Mukatsika mumakwera tramu ya Metrolink, kasitima koyenda mkati mwa tauni. Apa ndi pamene ambiri amasokonekera: pali siteshoni ya tramu yotchedwa Old Trafford pa njira yopita ku Altrincham, koma mukatsika pamenepo bwalo limene muyambe kuliona ndi la cricket, nalonso dzina lake ndi Old Trafford. Musakhumudwe kuti bwanji likuoneka lachilendo, pitirizani kuyenda molunjika mphindi 10 kapena 15, muoloke msewu waukulu wa Chester Road, mulowe mu Sir Matt Busby Way, sitediyamu ija iyo patsogolo panu. Siteshoni ina yapafupi ndi Wharfside, pa njira yopita ku Trafford Centre imene inatsegulidwa mu 2020, mutha kusinthira pa Cornbrook. Pa tramu palibe kondakitala wotolera ndalama, mumagunditsa kadi pa kamakina ka pa siteshoni pokwera ndi potsika pomwe, kadi yomweyomweyo, mukanyalanyaza oyendera akakupezani faindi yake ndi yowawa.

Jezi yanu yofiirayo muyibise mkati mwa jekete mpaka mutatuluka mu Leeds. Sindikuti akumenyani ayi, koma udani wa Leeds United ndi Manchester United ndi wakalekale, wa Yorkshire ndi Lancashire, ndipo Cantona mukumutchulayo United inamutenga ku Leeds komweko mu November 1992, atangowathandiza kutenga ligi, pa mtengo wongopitirira pang'ono 1 miliyoni paundi. Sanaiwale mpaka lero. Kulowa mu pub ya ku Leeds ndi jezi ya United zili ngati kukakhala pakati pa Maule utavala ya Manoma.

Fikani patsala ola lathunthu tour isanayambe, chifukwa za panja ndi zaulere ndipo kwa ine ndi theka la ulendo wonse. Kutsogolo kwa East Stand, kumene kuli galasi lalikulu lija mumaliona pa TV, kuli chiboliboli cha Sir Matt Busby, kochi wakale wa timuyi, ndiye moyang'anizana naye kuli cha anthu atatu atakolekana mapewa, George Best, Denis Law ndi Bobby Charlton, chimene anachiimika mu 2008. Onse atatu anapatako Ballon d'Or ali pa United, Law mu 1964, Charlton mu 1966, Best mu 1968, ndipo pano onse anatisiya, womaliza ndi Law mu January 2025. Pamenepa pamakhala mzere wa ojambulitsa, a ku Korea, a ku Norway, a ku Nigeria, aliyense ndi foni yake, ingopemphani wina akujambuleni palibe amakana. Chiboliboli cha Sir Alex Ferguson chili mbali ina, kutsogolo kwa stand ya dzina lake, wapinda manja pachifuwa mmene ankaimira muja.

Koma pamene ndikufuna muimepo nthawi ndi pa kona pamene pali wotchi ya Munich. Ndi wotchi wamba yapakhoma, pamwamba analemba Feb 6th 1958, pansi Munich, basi. Tsiku limenelo timu imachokera ku Belgrade kumene inasewera ndi Red Star mu European Cup, ndege inatera ku Munich kuti imwe mafuta, kunja kukugwa chipale, ndipo poyesa kunyamuka kachitatu inalephera kukwera nkukaomba nyumba kumapeto kwa bwalo la ndege. Anthu 23 anamwalira, 8 mwa iwo osewera, anyamata achichepere amene ambiri mwa iwo Busby anawalera yekha. Duncan Edwards, amene akuluakulu a kumeneko mpaka lero amati akanakhala katswiri woposa onse, analimbana ndi imfa masiku 15 mchipatala nkumwalira ali ndi zaka 21. Goloboyi Harry Gregg anabwerera mu ndege kukatulutsa anthu. Busby mwini anavulala koopsa, timu inagwiridwa ndi womuthandizira wake Jimmy Murphy amene sanapite nawo chifukwa anali ndi timu ya dziko la Wales, nchifukwa chake naye anamuimikira chiboliboli kuseri kwa stand ya Stretford End mu 2023. Pansi pa stand ya kummwera pali kanjira kotchedwa Munich Tunnel, mmakoma mwake muli zithunzi ndi mbiri yonse, aliyense amadutsamo ulere. Muziwerenga pang'onopang'ono. Mukatero nde mukalowa mu myuziyamu nkuona chikho cha 1968, pamene Busby yemweyo ndi Charlton amene anapulumuka pa ngoziyo anachinya Benfica 4-1 pa Wembley patatha zaka 10, mudzachiona ndi maso ena. Anthu ongothamangira kukajambulitsa ndi zikho za 1999 amaphonya zimenezi.

Tour imayambira ku Sir Alex Ferguson Stand kumene kuli myuziyamu, imatenga ola limodzi ndi kenakake, mumayenda gulu ndi wokutsogolerani. Ambiri mwa otsogolerawa ndi madala a komweko, nthabwala thoo, koma Chingelezi cha ku Manchester nchothamanga komanso chomeza mawu, nde imani pafupi naye ndipo musachite manyazi kunena kuti abwereze. Amayamba kukukwezani mmwamba kuti muone bwalo lonse, mipando yofiira yopitirira 74,000, palibe timu ina ku UK imene ili ndi sitediyamu yaikulu chonchi. Chimene chimadabwitsa ambiri ndi kapinga: ndi wokwera, mmbali mwake muli kamtsetse kotsikira ku zikwangwani, nchifukwa chake mumaona osewera akaterereka amakathera ku mpanda. Mu December mukapezanso magetsi akuluakulu a matayala atayalidwa pa kapingapo, amamuunikira kuti azikula poti dzuwa ndi losowa. Kuponda kapinga nkoletsedwa, olo kungogwira ndi dzanja, musayesere.

Kenako amakulowetsani mu chipinda chovalira, majezi atapachikidwa aliyense pamalo pake, mumakhala pansi pa jezi ya amene mumamukonda nkujambulitsa. Amakuimikani mizere iwiri mu tunnel ya pa kona ija osewera amatulukira, nkutuluka ngati ndinu timu, apa ndaonapo azibambo a imvi zawo akupukuta misozi. Mumakakhalanso pa benchi ya makochi, yomangidwa ndi njerwa zofiira komanso yokwera kusiyana ndi ma sitediyamu ena. Pakati pa mabenchi awiriwo muone bwino, pali ka tunnel kakale kamene osewera ankatulukira mpaka 1993. Kameneko ndi kokhako katsala ka sitediyamu yoyamba ya 1910, zambiri mbali imeneyo zinaphwasulidwa ndi mabomba a Germany mu March 1941, moti United inakhala ikubwereka Maine Road, bwalo la Manchester City, mpaka 1949. A City musawakumbutse, amakula mtima. Ndipo gemu yoyamba pa bwaloli mu February 1910 United inaluza 4-3 kwa Liverpool, zimenezi wokutsogolerani mwina sakazitchula. Dziwaninso kuti njira ya tour amatha kuyisintha, makamaka gemu ikayandikira, nde tsiku loti mawa lake kuli gemu mulipewe ngati mukufuna chipinda chovalira.

Ndisakunamizeni, Old Trafford yakalamba. Timakonde ta mkati ndi topanikiza, mipata ya mipando ndi yothina moti munthu wamtali maondo amagunda kutsogolo, ndipo denga lija munaliona pa TV likutsanula madzi pa gemu ya Arsenal mu May 2024 si nthabwala za adani. Amene anafikapo pa sitediyamu yatsopano ya Tottenham akabwera apa amaona kusiyana. Mu March 2025 timu inalengeza pulani yomanga ina yatsopano ya anthu 100,000 pafupi pomwepo. Nde inu pitani pano, bwalo la Busby ndi Ferguson lidakalipo.

Tsopano gemu. Kwathu tinazolowera kufika pa geti ndi ndalama mmanja, kumeneko za ligi kulibe zimenezo. Mipando yambiri ili ndi eni ake a season ticket, tikiti ya sizoni yonse, yotsalayo amagulitsa kwa mamembala, nde njira yoongoka ndi yoti mulembetse umembala pa webusaiti ya timu, mulipire ya pachaka, mukatero muzisuzumira pafupipafupi. Umembala si tikiti, umangokupatsani mpata wogula. Chinsinsi chake nchoti a season ticket amene sapita amabweza mipando yawo ku timu, nde matikiti amatulukira mmodzimmodzi masiku oyandikira gemu, nthawi zina dzulo lake lenileni. Mukakhala nokha mwayi ulipo ndithu, koma mukafuna mipando itatu yoyandikana ya inu, achemwali ndi alamu, apo nde zovuta. Gemu ya Liverpool, City, Arsenal kapena Leeds ingoiwalani. Yang'anani matimu apakati ndi apansi, makamaka ya mkati mwa sabata usiku kukuzizira, kapena ya chikho ngati ilipo. Mtengo si wamasewera: kumapeto kwa 2024 timu inaika matikiti otsala a mamembala pa mapaundi 66, ana ndi okalamba chimodzimodzi, mpaka masapota anachita zionetsero panja pa bwalo. Chochokera pamenepo muziyembekezera zoterozo kapena kuposa, kutengera timu imene ikubwera.

Njira ina ndi hospitality, tikiti yophatikiza chakudya ndi malo ochezera, timu imagulitsa yokha. Imeneyo ndi yotsimikizika koma ndi mapaundi mahandiredi, mukawasintha mu kwacha mutu uwawa. Ngati mwakhala mukusunga zaka zonsezi kuti tsiku lina, palibe angakudzudzuleni. Njira yachitatu, afunseni achemwali afufuze ku ntchito kwawo, mzipatala mumapezeka anthu a season ticket ndipo timu imalola kutumizira mnzako tikiti kudzera pa app yomweyo. Zimenezo nzololedwa bola zidutse mu njira ya timu, osati kupatsana ma password.

Chenjerani ndi masiku. Ndandanda wa ligi umatuluka mu June koma a TV amasuntha magemu, ya Loweruka kupita Lamlungu, Lolemba usiku kapena Lachisanu, ndipo amalengeza patatsala masabata angapo. Musagule tikiti ya sitima yotchipa yosabwezeka tsiku lisanatsimikizike. Nthawinso musasokoneze: mu December ife tili patsogolo ndi maola awiri, nde gemu imene munazolowera kuti ndi ya 5 koloko pa SuperSport kumeneko ndi ya 3 koloko. Ndipo chodabwitsa china, gemu ya 3 koloko Loweruka ku UK saionetsa pa TV, ndi lamulo la mpira lakalekale loteteza matimu ang'onoang'ono kuti anthu azipitabe ku mabwalo. Mutha kukhala mu pub ili pafupi ndi sitediyamu osaona kanthu, anzanu ku Ndirande akuonera bwinobwino.

Mukachita mwayi tikiti nkupezeka, foni ikhale yodzadza moto, tikitiyo muitsitsiretu mu foni musanachoke kunyumba chifukwa netiweki pa anthu 70,000 imafa. Chikwama chachikulu salola, kakang'ono kwambiri kokha, bwino kungopita manja lendelende. Mkati salandira ndalama ya kashi, ndi kadi basi. Mowa amagulitsa mmakonde koma simungapite nawo pa mpando, lamulo la 1985 limaletsa kumwa pamalo poti ukuona bwalo. Kusuta ayi. Ndipo pali nyimbo zina zonyoza anthu amene anafa pa ngozi za mpira, ya Munich kapena ya Hillsborough ya a Liverpool, mukamva wina akuyambitsa musayankhire, anthu amamangidwa nazo ndi kuletsedwa kulowa mmabwalo. Ngati muli ndi mpata wosankha mpando, phokoso lili ku Stretford End, kwinako nthawi zina kumakhala zii moti mudzadabwa kuti alendo 3,000 a pa kona akuimba kuposa eni bwalo.

Tikiti ikakanika, pitanibe tsiku la gemu mukayende panja, izi ndimalimbikira kwambiri. Patsala maola awiri Sir Matt Busby Way amaitseka magalimoto, anthu mbwee onse ofiira, apolisi ali pa mahatchi akuluakulu, mavenda akukuwa masikafu, fungo la anyezi wokazinga mmagalimoto a ma burger paliponse. Pa Chester Road pali ka shopu ka chipisi ndi nsomba kolembedwa dzina la Lou Macari, wosewera wakale wa United, imani pa mzere mugule mudyere mmanja chiimire ngati eni mudzi. Zimenezo tour singakupatseni ndipo simulipira khomo.

Ndipo ngati chimene mukufuna ndi kuona mpira wa ku England ndi maso, simukuyenera kumangirira pa United yokha. Timu ya amayi ya United magemu ake ambiri imasewerera ku Leigh Sports Village, matikiti otchipa komanso osavuta. Salford City, imene Gary Neville ndi anzake amene ankasewera nawo ku United anaigula mu 2014, ili pafupi ndi Manchester pomwepo. Palinso FC United of Manchester, imene inayambitsidwa mu 2005 ndi masapota a United okwiya banja la Glazer litagula timu, amasewerera ku Broadhurst Park ndipo amaimba gemu yonse osapuma. Kumeneko mumakhala pafupi ndi bwalo moti mumamva osewera akukalipirana. Tsiku la tour likatsala ndi nthawi, mkati mwa tauni pafupi ndi siteshoni ya Victoria pali National Football Museum, nayo ndi yoti mulowemo.

Megastore ili pansi pa East Stand ndipo ndi msampha, mumalowa kuti ndingoona nkutuluka mwasiya ndalama ya transipoti. Jezi yeniyeni ya chaka chino ndi mapaundi 80 kupita mtsogolo, kusindikiza dzina nkulipiranso padera. Anzanu onse a ku ntchito akuti mutibweretsereko jezi, auzeni atumize ndalama, apo ayi agulireni masikafu kwa mavenda a panja aja, ndi otchipa ndipo mutha kunenerera.

Za zovala musadalire juzi ya ku Dedza. Valani zophatikiza, jekete yosalowa madzi, chipewa chotseka makutu, magolovesi ndi masokosi awiri, chifukwa kuzizira kwa mu sitediyamu kumalowera ku mapazi kuchokera pa simenti, ndipo Manchester mvula yowaza ndi ya tsiku lililonse. Ikakhala gemu ya 8 koloko usiku imatha cha mma 10, anthu onse aja amatuluka nthawi imodzi, mzere wa pa tramu utha kukudyerani theka la ola kapena kuposa, nde muoneretu nthawi ya sitima yomaliza ya ku Leeds musanachoke kunyumba, ndipo achemwali muwauze asakhome chitseko.